Tiŵathandize Ana Athu Samu Zochotsera

Mau a brigada ya aphunzitsi kwa ophunzira akuluakulu a m'boma la Mecanhelas

Ife a brigada yophunzitsa akuluakulu ndife ana anu. Ambiri a ife tidabadwa inu muli kale ndi nkhokwe zanu. Tsono kulera ana sitingakuphunzitseni ai. Tabwera ndi nkhani imodzi yokha: samu zochotsera, ndi m'mene kholo lingathandizire mwana wa kalasi yoyamba kapena yachiŵiri kuti azimvetse.

Nkhaniyi idachokera kwa inu nomwe. M'makalasi athu makolo amatifunsa kuti, "Mwana wanga amaŵerenga mpaka 100. Kuphatikiza amatha. Koma akangoona kamzere kochotsera amangoti kakasi. Nanga ine ndimthandiza bwanji, poti inenso pensulo ndaigwira chaka chino?"

Mungathe kumthandiza, chifukwa kuchotsera mumakudziŵa kale. Mayi amene adakolola matumba 12 a chimanga, nagulitsa 4, safunsa munthu kuti m'nyumba mwatsala angati. Msodzi wa pa Chiuta akavuula milamba 30, napatsa mnzake wopalasa bwato 10, amadziŵa kuti yake ndi 20. Samu zimenezi mumazichita m'mutu tsiku ndi tsiku. Chimene mwangoyamba kuphunzira tsopano ndi kalembedwe kake. Mwana wanu zake n'zosiyana: kalembedwe akukaona pa bolodi, koma chimene kalembedweko kakutanthauza sadachigwire ndi manja. Ndiye inu muli ndi chimene mwanayo akusoŵa.

Agogo athu amasimba za thonje la atsamunda. Kuyambira 1938 mpaka 1961 alimi a kuno kumpoto ankakakamizidwa kulima thonje. Mlimi ankasenza thonje lake mpaka pa sikelo. Wina ankaŵerenga sikeloyo, wina ankalemba m'buku, wina ankaŵerenga ndalama, mwini thonje ali chiimire, osadziŵa ngati zimene wapatsidwazo ndi zoona. Pamene dziko lathu lidalandira ufulu pa 25 Juni 1975, anthu oposa 90 mwa anthu 100 alionse sankadziŵa kulemba ndi kuŵerenga. Mu 1978 Pulezidenti Samora Machel adatsegula kampeni yoyamba yophunzitsa akuluakulu m'dziko lonse. Maphunzirowo ankachitika m'Chipwitikizi. Kenaka nkhondo idakula, sukulu zambiri zidatsekedwa, anthu ambiri a kuno adathaŵira ku Malaŵi, mpaka mtendere udabwera mu 1992. N'chifukwa chake ena a inu mwakhala pa benchi la sukulu mutamera kale imvi. Mlandu si wanu.

Koma sikelo ikadalipo. Lero mlimi wa fodya kapena thonje amatenga mbeu, feteleza ndi mankhwala pa ngongole, ndipo pa tsiku logulitsa ngongoleyo imadulidwa. Wogula nandolo amapachika thumba pa sikelo nachotsa kulemera kwa thumbalo. Mtsikana amene mwamtuma mchere ndi sopo amayenera kubwera ndi chenji chokwanira. Zonsezi ndi samu zochotsera. Ndiponso kusukulu mwana amene kuchotsera kwamkanika adzavutika akafika pa samu zogaŵa, pakuti kugaŵa ndi kuchotsera komwe, kobwerezabwereza. M'mera mpoyamba.

Tiyambe ndi miyala

Musayambe ndi kope. Yambani ndi zinthu zogwirika: miyala, zitsekerero za mabotolo, zitsononkho, timitengo. Njere za chimanga ndi nyemba n'zabwino kwa mwana wamkulupo, koma pamene pali kamwana kokwaŵa zipeŵeni, kangaziike m'mphuno.

Choyamba onani ngati mwanayo amaŵerengadi zinthu. Ana ambiri amatchula manambala ngati nyimbo. Amaimirira pafupi ndi njanji ku Entre-Lagos, sitima ya malasha yochokera ku Moatize ikamadutsa, n'kumafuula manambala mothamanga kuposa mabogi. Kutchula manambala ndi kwina, kuŵerenga ndi kwina. Muikireni miyala isanu ndi iŵiri. Aikhudze umodziumodzi ndi chala, mwala umodzi nambala imodzi. Akamaliza mufunseni kuti, "Yonse ndi ingati?" Ngati ayambanso kuŵerenga kuchokera poyamba, ndiye kuti sanazindikire kuti nambala yomalizira ndiyo kuchuluka kwa mulu wonse. Kenaka imwazeni miyala ija patalipatali, mumfunsenso. Mwana wina adzati yachuluka, chifukwa yatenga malo akulu. Mwana wotere musamfulumize kuchotsera. Aseŵere ndi miyala masiku angapo mpaka aone yekha kuti isanu ndi iŵiri ndi isanu ndi iŵiri basi, kaya yaunjikana kaya yamwazika.

Akafika pamenepo, yambani. Miyala isanu ndi iŵiri ija, muuzeni kuti ndi anapiye. Mphamba watenga atatu. Mwanayo achotse yekha miyala itatu ndi dzanja lake, aiike pambali, aŵerenge yotsala. Inai. Maŵa ikhale mbuzi, mkuja ikhale mango. Miyala itatu yochotsedwayo musaibise. Ikhale poonekera, kuti pambuyo pake aibwezere pa mulu, aone kuti yabwereranso pa isanu ndi iŵiri. Kubwezera kumeneku n'kofunika, tidzakutchulanso kutsogoloku.

Seŵero lina limene ife timalikonda ndi la chikho. Mwana aŵerenge miyala isanu ndi umodzi. Atsinzine. Inu vundikirani ina ndi chikho, ina isiyeni panja. Akatsegula maso aona iŵiri. "Nanga m'chikhomu muli ingati?" Apa mwana sangaŵerenge ndi chala, chifukwa miyala yabisika. Ayenera kuganiza. Akayankha, avundukule yekha chikho, aone ngati walasa. Kenaka musinthane: iye abise, inu muyankhe. Nthaŵi zina yankhani molakwa dala. Mwana amakondwa kwambiri kugwira agogo ake akuphonya, ndipo kuti akugwireni ayenera kudziŵa yankho loona.

Atsikana amene amaseŵera phada akuchita samu zomwezi: kutulutsa miyala, kubwezera ina, kusiya umodzi, kenaka kusiya iŵiriiŵiri. Musaŵathamangitse kuti akutaya nthaŵi. Ingoŵafunsani apo ndi apo kuti m'kadzenjemo mwatsala ingati.

Chinenero chathu chimathandiza

Apa tikufuna mumvetsere bwino, chifukwa anthu ambiri amaganiza kuti samu ndi za Chipwitikizi kapena Chingerezi chokha.

Tamvani m'mene timaŵerengera: chimodzi, ziŵiri, zitatu, zinai, zisanu. Tikafika apo dzanja latha. Tsono timati zisanu ndi chimodzi, zisanu ndi ziŵiri, zisanu ndi zitatu, zisanu ndi zinai, khumi. Achibale athu olankhula Chimakua, Chilomwe ndi Chiyao amamanganso manambala ao chimodzimodzi, pa zisanu ndi pa khumi. Mphunzitsi wa masamu Paulus Gerdes, amene adagwira ntchito zaka zambiri ku Maputo namwalira mu 2014, adasonkhanitsa kaŵerengedwe ka zinenero za dziko lino pamodzi ndi ophunzira ake, kuti aphunzitsi azikagwiritsa ntchito m'kalasi.

Tsono funsani mwana kuti, "Zisanu ndi zitatu, kuchotsapo zitatu, zitsala zingati?" Yankho lili m'funso momwemo. Zisanu. Funsaninso, "Zisanu ndi zitatu, kuchotsapo zisanu?" Zitatu. Mwana wa zaka 6 amaseka, amati mukumnyoza. Koma samu yomweyi kusukulu akaimva kuti "oito menos três", amaŵerama n'kuyamba kuŵerenga zala. Mau akuti "oito" sakumuuza kanthu. Zisanu zija zabisika m'kati. Chimodzimodzi 13. Ife timati khumi ndi zitatu, ndipo khumi likumveka poyera. M'mau akuti "treze" mwana khumi salimva.

Sitikunena kuti mwana asaphunzire manambala a Chipwitikizi. Aŵadziŵe ndithu, pakuti mayeso ndi mapepala a boma amabwera m'Chipwitikizi. Kuno kumalire mwana amamvanso manambala a Chingerezi kwa amalonda ochokera ku Nayuchi. Zonsezo n'zake. Chimene tikunena n'chakuti ayambe wamvetsa m'chinenero cha pakhomo, dzina lachilendo libwere pambuyo. Boma lomwe lidaziyesa zimenezi. Kuyambira 1993 mpaka 1997, m'sukulu zina za ku Tete ana adaphunzitsidwa m'Chinyanja ndi Chipwitikizi, ku Gaza m'Chichangana ndi Chipwitikizi. Pambuyo pake maphunziro a zinenero ziŵiri adaloledwa m'sukulu za pulaimale. Si sukulu zonse zimene zili nao, koma pakhomo panu palibe angakuletseni.

Zala nazonso musaziletse. Aphunzitsi ena akale ankamenya mwana woŵerenga zala. Ife tikuti zala ndi bolodi limene mwana adabadwa nalo. Atambasule zonse khumi, apinde zitatu, aone zisanu ndi ziŵiri zotsala. Apinde zinai, aone zisanu ndi chimodzi. Achite zimenezi mpaka adziŵe pamtima manambala amene amakwatirana kupanga khumi: 1 ndi 9, 2 ndi 8, 3 ndi 7, 4 ndi 6, 5 ndi 5. Mwana amene waŵadziŵa aŵa zala adzazisiya yekha, monga m'mene adasiyira kukwaŵa.

Khumi ndi popumulira. Tiyese 13 kuchotsera 5. Mwana wosazoloŵera amabwerera m'mbuyo kamodzikamodzi, 12, 11, 10, 9, 8, ndipo kaŵirikaŵiri amasokonezeka pa njira. Muonetseni njira yaifupi. Khumi ndi zitatu: chotsa zitatu zija, wafika pa khumi, puma. Tinafuna kuchotsa zisanu, tachotsa zitatu, zatsala ziŵiri zoti tichotse. Khumi kuchotsa ziŵiri, 8.

Mafunso ndi atatu

Makolo ambiri amafunsa funso la mtundu umodzi wokha: "Zatsala zingati?" Koma kamzere kochotsera kamayankha mafunso atatu, ndipo mwana amene adangomva limodzi, ena aŵiriwo amamdabwitsa pa mayeso.

Funso lachiŵiri ndi lofananiza. Amalume ali ndi nkhuku 9, azakhali ali ndi 6. Amalume aposa azakhali ndi nkhuku zingati? Apa palibe nkhuku yafa, palibe yagulitsidwa. Ndiye mwana amafunsa kuti, nanga ndichotse chiyani? Ena amangoyankha kuti 9, chifukwa amva mau akuti kuposa. Ndandalikani miyala mizere iŵiri, wina pamwamba wina pansi, mwala kuyang'anana ndi mwala. Isanu ndi umodzi yapeza anzake. Itatu yatsala yopanda mnzake. Kusiyana kwake ndi kumeneko. Funso ili ndilo limavuta kuposa onse, ndipo lifunika masiku ambiri.

Funso lachitatu ndi la kupereŵera. Kope likugulitsidwa meticais 20, iwe uli ndi 14. Zapereŵera zingati? Ili ndi funso la pamsika. Taonani m'mene mayi wogulitsa tomato amaperekera chenji. Mwagula za 35, mwampatsa 50. Iye sachotsa 35 pa 50. Amayambira pa 35 n'kumakwera: amakuikani 5 m'manja nati 40, amakuikani 10 nati 50. Chenji ndi 15. Njira imeneyi ndi samu yeniyeni, si yachimidzi ai. Manambala akayandikana, monga 52 kuchotsera 48, ndiyo njira yachangu kuposa zonse: kuchoka pa 48 kufika pa 50 ndi 2, kufika pa 52 ndi 2 winanso, yankho 4. Mwana wa kusukulu amatha mzere wathunthu wa kope pa samu imene amake aimaliza asanaphethire.

Mwana akazoloŵera kuyankha pakamwa, pamenepo ndiye lembani. Lembani pansi ndi kamtengo, miyala ili pomwepo:

7 − 3 = 4

Mlozereni: iyi ndi miyala imene inalipo, kamzereka kakuti chotsa, iyi ndi imene yachoka, iyi ndi imene yatsala. Kusukulu kamzereka amakatcha "menos". Kamzereka kadayamba kuoneka m'buku losindikizidwa mu 1489, ku Leipzig m'dziko la Germany, ndipo bukulo, limene adalemba Johannes Widmann, lidali la samu za amalonda. Tsono kamzereka kadabadwira pa malonda, pamene inu mumakadziŵira.

Kumasula mtolo

Tsopano tafika pamene ana ambiri amagwa. Tikhalitsapo pang'ono.

Mpatseni mwana wa kalasi yachiŵiri kapena yachitatu samu iyi, 42 pamwamba, 17 pansi:

42 − 17

Ambiri adzalemba 35. Yankho loona ndi 25. Koma 35 ameneyu sadagwe kumwamba. Mwanayo waganiza, ndipo tiyenera kudziŵa m'mene waganizira. Wayang'ana kumanja, waona 2 pamwamba ndi 7 pansi. Adamuuza kale kuti sungachotse chachikulu pa chaching'ono. Ndiye watembenuza: 7 kuchotsera 2, walemba 5. Kumanzere, 4 kuchotsera 1, walemba 3. Basi 35. Kwa iye 4 ndi 2 ndi manambala aŵiri ongokhala moyandikana, ngati anthu osadziŵana pa benchi la chipatala. Sakudziŵa kuti 4 uja ndi makumi anai.

Mwana wotere mukammenya adzalira, maŵa adzalembanso 35. Mukampatsa samu zina makumi aŵiri, adzalakwa zonse mwa njira yomweyo, ndipo cholakwacho chidzakhazikika. Mankhwala ake ndi mitolo.

Mtumeni akathyole timitengo ta nsungwi kapena bango, totalika ngati chala. Aŵerenge khumi, amange ndi luzi. Mtolo umodzi. Aŵerengenso khumi, amange. Amange yekha, inu musammangire, kuti manja ake adziŵe kuti mu mtolo uliwonse muli khumi. Tsono jambulani mzere pansi. Kumanzere ndi kwao kwa mitolo. Kumanja ndi kwao kwa timitengo tosamanga. Muuzeni aike 42. Aika mitolo inai kumanzere, timitengo tiŵiri kumanja. Aike 24. Mitolo iŵiri, timitengo tinai. Aone ndi maso kuti 42 ndi 24 si chimodzi, ngakhale zilembo zake n'zofanana. Masiku aŵiri kapena atatu angoseŵera choncho, inu kutchula nambala iye kuika, iye kuika inu kutchula.

Kenaka abwezere 42, inu munene kuti, "Ndipatse 17." Khumi ndi zisanu ndi ziŵiri: mtolo umodzi ndi timitengo 7. Mtolo adzakupatsani msanga. Pa timitengo adzaima, pakuti ali ndi tiŵiri tokha. Apa khalani chete. Musamuuze. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Adzayang'ana timitengo, adzayang'ana inu, adzayang'ana mitolo. Mwina adzati sizitheka. Mfunseni kuti, "Kodi timitengo tatha pamenepa?" Posachedwa dzanja lake lidzapita pa luzi. Akamasula mtolo umodzi, kumanja kwakhala timitengo 12. Akupatsani 7, tatsala 5. Mitolo inali inai, umodzi wakupatsani, umodzi wamasula, yatsala iŵiri. Mitolo iŵiri ndi timitengo tisanu: 25.

Akachita zimenezi kangapo, bwererani ku kope. Pamene aphunzitsi amadula 4 nalemba 3 pamwamba pake, ndiye kumasula mtolo kuja. Pamene amalemba ka 1 pambali pa 2 kuti akhale 12, ndiye timitengo khumi tija tasamukira kumanja. Kusukulu amati kubwereka. Ife mau ameneŵa satikomera kwenikweni, chifukwa chobwereka chimabwezedwa, ndipo apa palibe chobweza. Katundu ndi wako yemwe, wangommasula. Pakhomo nenani kuti kumasula.

Pali abambo ena pano amene adaphunzirako pang'ono kale, ndipo adzati, "Ife sitinkadula nambala ya pamwamba." Zoona. Njira yakale ya Chipwitikizi imati: 7 kuti afike pa 12 ndi 5, "e vai um", 1 uja aphatikane ndi 1 wa pansi akhale 2, 2 kuti afike pa 4 ndi 2. Yankho ndi 25 yemweyo. Njirayi imaonjeza khumi pamwamba ndi khumi pansi, ndipo kusiyana sikusintha. Zili ngati mkulu ndi mng'ono wake: ngati akusiyana zaka 5 lero, zaka khumi zikapita adzasiyanabe zaka 5. Njira zonse ziŵiri n'zoona. Koma mwana wa zaka 7 musampatse zonse ziŵiri nthaŵi imodzi. Tsegulani kope lake, muone njira imene aphunzitsi ake akutsata, inu mutsate yomweyo. Njira yanu mudzamuonetsa akakula.

Ziro

Ziro ndi nambala imene imaopsa ana ndi akulu omwe. Ena amati 50 kuchotsera 23 ndi 33 kapena 30, chifukwa akafika pa 0 ndi 3 sadziŵa chochita. Pa mitolo ziro savuta. Ziro akungonena kuti kumanja kulibe kamtengo kosamanga. Mitolo isanu ilipo. Masula umodzi, zatheka: yatsala inai, timitengo khumi. Chotsa mitolo iŵiri ndi timitengo titatu. Yankho 27.

Pa 100 gwiritsani ntchito ndalama, pakuti ana ndalama amazimva msanga. Metical wathu adayamba pa 16 Juni 1980, kuloŵa m'malo mwa escudo, ndipo mu 2006 adachotsedwa maziro atatu, 1,000 yakale n'kukhala 1. Lero tili ndi ndalama zachitsulo za 1 ndi za 10, ndi yapepala ya 100. Zitatuzi ndizo kamtengo, mtolo, ndi mtolo waukulu wa mitolo khumi. Ngati ndalama zenizeni palibe, ndipo tikudziŵa kuti miyezi ya njala sizikhalapo, dulani makatoni mulembepo manambala. Mwana akhale wogulitsa, inu wogula. Mwagula za 35, mwapereka 100. Iye asinthe pepalalo likhale ma 10 khumi. Asinthenso 10 mmodzi akhale ma 1 khumi. Tsopano pali ma 10 asanu ndi anai, ndi ma 1 khumi. Achotse ma 10 atatu ndi ma 1 asanu, ndiwo mtengo wa katundu. Chenji chanu ndi ma 10 asanu ndi mmodzi, ndi ma 1 asanu: 65. Akadzaona aphunzitsi akudula maziro pa bolodi nalemba 9, adzadziŵa kumene 9 ameneyo wachokera.

Mukumbukira miyala itatu imene tidati musaibise? Nayi ntchito yake. Samu iliyonse yochotsera ili ndi mboni. Phatikiza chimene chatsala ndi chimene unachotsa. Ngati wabwerera pamene unayambira, wakhoza. 25 kuphatikiza 17 ndi 42, wakhoza. 35 kuphatikiza 17 ndi 52, pali cholakwa. Mwana akadziŵa zimenezi safunikanso kudikira cholembera chofiira cha aphunzitsi. Ndipo inu, ngakhale samuyo simungailembe, mungathe kumfunsa kuti, "Waibwezera?"

Mboni imeneyi ndi yanunso. Tiyerekeze kuti mlimi wagulitsa fodya wa meticais 18,450, ndipo ngongole yake ya feteleza ndi mbeu inali 6,800. Ayenera kulandira 11,650. Asanachoke pa zenera aphatikize zimene walandira ndi ngongole ija. Ngati sizikufika pa 18,450, afunse mwaulemu kuti zina zapita kuti. Mwina pali china chimene chadulidwa, ndipo ali ndi ufulu womva dzina lake ndi kuchiona pa pepala. Mwina wolemba waphonya, pakuti nayenso ndi munthu ndipo watopa. Pa mapepala a kuno mudzaona kuti pamene ife talemba kamchira, iwo amaika kadontho kapena amangosiya mpata. Nambala ndi yomweyo.

Nthaŵi yake

Wina adzati, ntchito yonseyi tiichita liti, kumunda kukudikira, kudimba kukudikira? Sitikupempha tsiku lathunthu. Mwana wamng'ono mutu wake umatopa msanga. Nthaŵi imene mphika wa nsima umatenga kuti madzi aŵire ndi yokwanira. Pokonola chimanga, posenda mtedza, poyanika matemba, potsekera mbuzi madzulo: zinatuluka 11, zaloŵa 8, kutchire kwatsala zingati? Pang'onopang'ono ndi mtolo. Akayamba kuyasamula kapena kulira, lekani, maŵa kuliko.

Pamene walakwa musati, "Ndiwe mbuli." Nenani kuti, "Tandionetsa m'mene wachitira." Mukamvetsera mudzapeza kuti pafupifupi nthaŵi zonse pali pamene wakhotera, ndipo malowo ndi amodzi okha. Ana a mayi mmodzi sayenda tsiku limodzi. Wina mitolo adzaimva sabata imodzi, wina mwezi.

Tinenenso za atsikana. M'makalasi athu a akuluakulu amayi ndiwo ochuluka, ndipo tonse tikudziŵa chifukwa chake: adatsala pakhomo pamene alongo ao ankapita kusukulu. Madzulo mnyamana amakhala ndi kope, mtsikana ali ndi mwana kumsana, ndoŵa pamutu. Komatu mtsikana yemweyo ndiye mumamtuma kumsika, ndiye adzasunge ndalama za banja. Poseŵera ndi miyala akhalepo onse. Ngati mtsikana akuphika, mnyamata atenge mwana, mlongo wake amange mitolo yake.

Pitaninso kusukulu mukaonane ndi aphunzitsi a mwana wanu, musadikire kuitanidwa pa mlandu. Mphunzitsi wa kalasi yoyamba ali ndi ana ambiri, sangathe kukhala pansi ndi aliyense kumasula mitolo. Mukamuuza kuti kunyumba mukuchita zakutizakuti, adzakuuzani pamene afika, kuti inu musatsogole kwambiri kapena kutsalira.

Tsono ntchito ya sabata ino nayi. Aliyense amange mitolo khumi pamodzi ndi mwana wake kapena mdzukulu wake. Amene alibe mwana wa msinkhu umenewu abwereke wa mnansi. Muyese naye samu zitatu izi, poyamba ndi timitengo, kenaka m'kope:

9 − 4

31 − 16

60 − 28

Mayankho sitikuuzani, muŵapeze ndi mboni ija. Tikadzakumananso mubwere ndi mitolo yanu, ndipo mudzatiuze pamene mwana anaima ndi zimene ananena. Amene luzi lamsoŵa, ulusi wa thumba la feteleza umamanga bwino.